Kumwamba akujambula, koma owerenga mapu a Machinga ndi Balaka ali kuti?

Masiku asanu aliwonse, makina otchedwa Sentinel-2 omwe maiko a ku Ulaya adaponya mumlengalenga amadutsa pamwamba pa Machinga ndi Balaka n'kujambula zonse zili pansi. Amajambula minda ya thonje ya ku Utale, mpunga wa ku Domasi, mitengo yotsala m'nkhalango ya Liwonde, ngakhalenso momwe madzi a m'nyanja ya Chilwa akuphwera kapena kusefukira. Zithunzizi n'zaulere. Aliyense amene ali ndi kompyuta ndi intaneti akhoza kuzitenga osalipira ngakhale tambala.

Koma pansi pano zinthu zikuyenda mwina. Anthu awiri akakangana malire a munda, nyakwawa imadalirabe mtengo wa msangu, chulu kapena zomwe nkhalamba za m'mudzimo zikukumbukira. Mvula yamkuntho ikagwa, mabanja ambiri amazindikira kuti adamanga m'njira ya madzi, madziwo atalowa kale m'nyumba.

Kusiyana kumeneku kukusonyeza vuto lomwe silikambidwa kawirikawiri pamisonkhano yandale. Dziko lino silikusowa zithunzi kapena makina. Chomwe chikuperewera ndi Amalawi ophunzira mozama, mpaka digiri ya PhD, omwe angathe kumasulira zithunzizo, kutsogolera kafukufuku ndi kuphunzitsa ena. Ndipo ochepa omwe alipowo, ambiri mwa iwo adaphunzira ndi ndalama za maiko akunja, zomwe masiku ano zayamba kuuma.

Sayansi ya malo n'chiyani?

Akatswiri akamanena za sayansi ya malo amatanthauza maphunziro angapo oyendera limodzi. Pali ntchito ya masaveya, yoyeza malo ndi kuika zizindikiro za malire. Pali luso lounika dziko kuchokera kumwamba pogwiritsa ntchito masetilaiti, ndege kapena tindege topanda woyendetsa mkati tomwe ambiri akungotitchula kuti madroni. Palinso GIS, yomwe ndi njira yosanjikiza mapu osiyanasiyana pakompyuta kuti munthu aone kugwirizana kwa zinthu.

Mwachitsanzo, katswiri akhoza kutenga mapu a midzi, pamwamba pake n'kuikapo mapu a mijigo, kenako mapu a komwe kwachokera odwala m'mimba. Akatero amaona msanga mudzi womwe ukumwa madzi oipa. Nzeru imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1854, dokotala wina wa ku London, John Snow, adalemba pamapu nyumba zonse zomwe mudamwalira anthu ndi kolera, ndipo mapuwo adaloza pampope umodzi wa madzi.

Nkhani ya kolera si yachilendo m'maboma awiriwa. Mliri waukulu womwe boma lidalengeza pa 3 Malichi 2022 udayambira konkuno: wodwala woyamba adachokera m'boma la Balaka ndipo adamupeza ndi matendawa pachipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde. Pomwe mliriwo umatha, udali utafika m'maboma onse, anthu pafupifupi 59,000 atadwala ndipo oposa 1,700 atamwalira. Matenda sadziwa malire a boma. Wofuna kuwatsekereza ayenera kudziwa komwe anthu akukhala, komwe akutunga madzi ndi njira zomwe akuyenda, kuphatikizapo asodzi okhala m'zimbowera pakati pa nyanja ya Chilwa, omwe sapezeka m'kaundula wa mudzi uliwonse.

Anthu akuchuluka, malo sakukula

Mpaka chaka cha 1998, Balaka idali mbali ya boma la Machinga. Lero ndi maboma awiri omwe mbali yaikulu akulekanitsidwa ndi mtsinje wa Shire, koma mavuto awo ndi ofanana, ndipo lalikulu ndi la malo.

Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 490,000 ku Machinga. Pofika 2018 adali 735,438, kutanthauza kuti pa anthu awiri aliwonse padaonjezekera wachitatu m'zaka khumi zokha. Ku Balaka chiwerengero chidachoka pa anthu pafupifupi 317,000 kufika pa 438,379. Nthaka ndiye idakali yomweija.

Maboma awiriwa adalandiranso alendo. Pakati pa 2004 ndi 2011, boma mothandizidwa ndi World Bank lidayendetsa pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yomwe idathandiza mabanja oposa 15,000 osowa minda kugula malo m'maesiteti. Ambiri adachoka ku Thyolo ndi Mulanje kukakhala ku Machinga ndi Mangochi, ndipo kenako pulojekitiyi idafikanso ku Balaka ndi Ntcheu. Banja lililonse linkapata mahekitala pafupifupi awiri. Gulu lililonse lisanalandire chikalata cha umwini, malo ake ankayenera kuyezedwa ndi saveya. Pamene malire sadamveke bwino pakati pa obwera ndi eni dera, mikangano siinkachedwa.

Ntchito yomwe ili kutsogolo ndi yaikulu kuposa imeneyo. Lamulo la malo a mafumu la 2016, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, likupereka mwayi woti banja lilembetse munda wake ndi kulandira chikalata. Lamuloli lidakhazikitsa makomiti a malo kwa gulupu aliyense, momwe mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Koma munda usanalembetsedwe, malire a mfumu yaikulu ndi inzake ayenera kudziwika, dera liyenera kukhala ndi ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo munda uliwonse uyenera kuoneka pamapu.

Kuyeza minda yonse ya kwa Kawinga, Nyambi, Kalembo ndi Nsamala poyenda wapansi ndi makina a saveya kungatenge zaka zosawerengeka. N'chifukwa chake maiko ngati Rwanda adagwiritsa ntchito zithunzi za kumwamba, pomwe eni minda ankaloza okha malire awo pachithunzi pamaso pa anansi awo. Koma njira yomwe idayenda ku Rwanda siingangotengedwa momwe ilili. M'madera ambiri a Machinga ndi Balaka malo amatsata kuchikazi, mwamuna amakhala pachikamwini, ndipo mwinimbumba ali ndi mawu pamunda womwe salima. Kodi pachikalata palembedwe dzina la yani? Nanga dambo lomwe chilimwe ndi msipu wa ng'ombe za mudzi wonse koma dzinja ndi munda wa mpunga wa banja limodzi lijambulidwe bwanji? Mafunso otere safuna wodziwa kudina kompyuta chabe. Amafuna wofufuza wodziwa mapu komanso mwambo wa anthu ake.

Chuma cha pansi pa nthaka

Ku Balaka kulinso nkhani ya phiri la Kangankunde, komwe kuli miyala yamtengo wapatali yomwe imagwiritsidwa ntchito popanga maginito a galimoto zoyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources idagwirizana zogula kampani yomwe idali ndi chiphaso cha malowa pamtengo wa madola 30 miliyoni a ku America. Mu Ogasiti 2023 kampaniyi idalengeza kuti paphiripa pali matani 261 miliyoni a miyala yokhala ndi chumachi, zomwe zidaika Kangankunde pakati pa malo akuluakulu a mtunduwu padziko lonse.

Chiwerengero chimenechi chidachokera kwa akatswiri olembedwa ntchito ndi kampani, monga zimakhalira kulikonse. Apa sipakunenedwa kuti pali chinyengo. Funso ndi lakuti dziko lino lili ndi akatswiri angati akeake omwe angatenge zotsatira za kubowola kwa miyalako, kuziika pakompyuta ndi kutsimikiza okha kuchuluka kwa chumacho boma lisanakhale pansi kukambirana za msonkho ndi gawo lake. Wogulitsa mbuzi yemwe sadziwa kuwerenga sikelo amangovomera zomwe wanena wogula.

Mbiri ikusonyeza kuti ntchito zikuluzikulu zounika chuma cha pansi zakhala zikutsogoleredwa ndi alendo. Kauniuni, ntchito younika miyala ndi ndege yomwe zotsatira zake zidatulutsidwa mu Ogasiti 2015, idagwiridwa ndi kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics ndi ndalama za World Bank ndi European Union. Ntchito yokonzanso mapu a miyala yomwe idayamba mu 2016 idatsogoleredwa ndi bungwe la ku France la BRGM, mogwirizana ndi nthambi ya Geological Survey ya ku Zomba. Ntchitozi zidasiya chuma chambiri cha chidziwitso, ndipo Amalawi ena adaphunzirapo luso. Koma kumasulira zonse zomwe ndege zija zidapeza ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo phindu lake lidzapita kwa yemwe ali ndi anthu otha kuziwerenga.

Mgodi umakhudzanso mlimi wamba. Msewu wopita kumgodi umadutsa m'minda, anthu ena amasamutsidwa, ndipo chipukutamisozi chimawerengedwa potengera kukula kwa malo ndi mitengo yomwe ilipo. Mapu olakwika ndi ndalama zotayika kwa banja losauka.

Madzi akachuluka, madzi akasowa

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakantha chigawo cha kummwera, kuphatikizapo Machinga ndi Balaka. Omwalira ndi osowa adaposa 1,000, anthu oposa 650,000 adasowa pokhala, ndipo katundu woonongeka adaposa madola 500 miliyoni. Patangotha chaka, pa 23 Malichi 2024, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agweredwa tsoka la ng'amba ya El Niño. Balaka, yomwe mvula imavuta ngakhale m'zaka zabwino, idamva kuwawa kwake.

Ngozi zamtunduwu zikachitika, akuluakulu amalangiza anthu kuti asamukire kumtunda. Koma kumtunda kwake kuti? Kunena motsimikiza kuti mudzi uwu uli pachiopsezo ndipo uwo ulibe kumafuna mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, mbiri ya mvula ndi masamu a kayendedwe ka madzi. Mapu otere sajambulidwa kamodzi n'kutha. Mitengo ikadulidwa m'mapiri a Chikala kapena m'nkhalango ya Liwonde chifukwa cha makala, mitsinje imadzaza mchenga n'kusintha njira, ndipo mapu a zaka khumi zapitazo amasanduka bodza.

Chitsanzo china ndi damu la Kamuzu Barrage ku Liwonde, lomwe lidamangidwa mu 1965. Zitseko zake ndi zomwe zimaongolera madzi opita kumalo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi a m'nyanja ya Malawi atakwera kwambiri mu 2024, eni nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi ankafuna kuti zitseko zitsekulidwe kwambiri, pomwe kutero kukadaika pachiswe anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Chiganizo chotere sichifuna kungoganizira. Chimafuna akatswiri odziwa kuwerengera kuti madzi akatulutsidwa mochuluka chonchi, afika pati ndipo amiza minda ingati.

Maphunziro alipo, koma akulekezera panjira

Sikuti dziko lino langokhala manja lende. Sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, yomwe mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic, imaphunzitsa masaveya. Mzuzu University nayo ili ndi maphunziro oyeza ndi kuyendetsa malo. MUST, yomwe idatsekulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, imaphunzitsa za GIS ndi kuunika dziko kuchokera kumwamba, pomwe University of Malawi ku Zomba yakhala ikuphunzitsa jogalafe ndi sayansi ya nthaka kwa zaka zambiri.

Pankhani ya madroni, Malawi adatchuka mu Africa. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF adatsekula malo oyeserera madroni othandiza pantchito zachifundo ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsekulidwa ku Lilongwe mothandizidwa ndi UNICEF ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America. Achinyamata ambiri aphunzira kupanga ndi kuulutsa madroni komanso kusanthula zithunzi zake m'maphunziro a masabata owerengeka.

Zonsezi n'zabwino, koma pali kusiyana pakati pa wogwiritsa ntchito chipangizo ndi wofufuza. Digiri yoyamba ndi maphunziro afupiafupi amapatsa munthu luso lotsata njira zomwe ena adakonza kale. PhD, yomwe imatenga zaka zitatu kapena zinayi, imaphunzitsa munthu kufunsa funso latsopano, kukonza njira yoliyankhira, kuteteza zomwe wapeza pamaso pa akatswiri anzake, ndiponso kudzaphunzitsa ena kuchita chimodzimodzi. Yunivesite yopanda aphunzitsi okwanira a PhD siingatulutse ophunzira a PhD, ndipo vutoli limangozungulira.

Kufunika kwa ofufuza a konkuno kumaoneka bwino m'munda wa chimanga. Kadontho kamodzi pachithunzi cha Sentinel-2 kamaimira malo otalika mamita 10 mbali zonse, choncho munda wa ekala imodzi umakwana timadontho pafupifupi 40. Pazithunzi za Landsat za ku America, zomwe zakhala zikujambulidwa kuyambira 1972 ndipo zidakhala zaulere mu 2008, ekala imodzi ndi timadontho tinayi kapena tisanu basi. Njira zambiri zowerengera zokolola kuchokera kumwamba zidapangidwira minda ikuluikulu ya mbewu imodzi ya ku America ndi ku Ulaya. Munda wa ku Ulongwe kapena Ntaja ndi waung'ono, muli chimanga, nandolo, maungu ndi mtengo wa mango pakati, ndipo nthawi yomwe mbewu zikukula ndi yomwenso mitambo imaphimba dziko. Makina osaphunzitsidwa bwino akhoza kuona nandolo wobiriwira n'kunena kuti dera lakolola, chikhalirecho chimanga chidapserera mu Febuluwale. Zotsatira zake n'zakuti mudzi wanjala ukhoza kudumphidwa pogawa chakudya. Kukonza cholakwika chotere kumafuna munthu woyenda m'mindamo zaka zingapo, kuyeza zokolola ndi sikelo n'kumafananiza ndi zithunzi. Imeneyo ndiyo ntchito ya wophunzira PhD.

Phunziro la nyanja ya Chilwa

Umboni woti kuphunzitsa ofufuza kumapindula uli m'boma la Machinga momwemo. Nyanja ya Chilwa, yomwe ikukhudza Machinga, Zomba ndi Phalombe, ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Idauma mu 1968 ndi 1995, ndipo idaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Ikauma, matemba ndi milamba zimasowa, ndipo asodzi, ogulitsa nsomba ndi alimi a mpunga amagwira njakata.

Kafukufuku woyamba wozama wa nyanjayi adachitika kuyambira m'zaka za m'ma 1960 pansi pa University of Malawi, ndipo buku lake lidatuluka mu 1979. Akonzi ake adali Margaret Kalk, A.J. McLachlan ndi C. Howard-Williams, onse ochokera kunja. Patapita zaka 39, mu 2018, kudatuluka buku lina lalikulu lonena za chigwa cha Chilwa ndi kusintha kwa nyengo. Ulendo uno akonzi ake adali Amalawi: Sosten Chiotha, Daniel Jamu, Joseph Nagoli, Patrick Likongwe ndi Tembo Chanyenga. Bukuli lidachokera mupulogalamu yomwe idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, yoyendetsedwa ndi bungwe la LEAD, WorldFish ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM. Nagoli adalemba PhD yake pa momwe anthu amapulumukira nyanjayi ikauma, ndipo adaimaliza mu 2016 ku Sweden.

Pulojekiti ina yotchedwa BRECcIA, yomwe idayamba mu 2017 motsogozedwa ndi yunivesite ya Southampton ya ku Britain, idali ndi cholinga chenicheni chokweza luso la ofufuza achinyamata a ku Malawi, Kenya ndi Ghana pankhani za madzi ndi chakudya m'madera ouma. Mu 2021 akatswiri a ku Southampton ndi anzawo a ku University of Malawi adatulutsa zotsatira za kafukufuku wogwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti, zosonyeza kuti minda m'dziko muno ikukula m'njira yomwe siingapitirire mpaka kalekale. Chaka chomwecho Oscar Kambombe, Cosmo Ngongondo ndi anzawo adasindikiza kafukufuku wa momwe chilala chakhala chikugwera m'madera osiyanasiyana a chigwa cha Chilwa.

Izi zikusonyeza kuti mitu ilipo. Koma pamndandanda wonsewu pali chinthu chimodzi chofanana: Norway, Sweden, Britain. Ndalama zake zidachokera kunja.

Mlendo ndi mame

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 2021 boma la Britain lidachepetsa thandizo lake kumaiko osauka kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ndipo thumba la Global Challenges Research Fund, lomwe linkalipira mapulojekiti ngati BRECcIA, lidakhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa ntchito za USAID, bungwe la FEWS NET, lomwe kuyambira 1985 lakhala likugwiritsa ntchito masetilaiti pochenjeza za njala, lidatseka tsamba lake kwa miyezi ingapo lisanabwererenso pakati pa chakacho. Kutsekaku kudachitika mkati mwa dzinja, nthawi yomwe Malawi amafuna kudziwa momwe mbewu zikuchitira.

Kudalira alendo kuli ndi mtengo winanso. Wopereka ndalama ndiye amasankha funso. Pulojekiti ikatha, galimoto zimabwezedwa, ziphaso za mapulogalamu a kompyuta zimatha mphamvu, ndipo nthawi zambiri zomwe zidapezeka zimakathera m'magazini a akatswiri olembedwa m'Chingerezi chovuta, pomwe mlangizi wa zaulimi wa ku Nsanama kapena Phalula, yemwe adathandiza kusonkhanitsa alimi, samva n'komwe kuti kafukufuku uja adapeza chiyani. Anthu a m'midzi amayankha mafunso omwewomwewo kwa gulu lililonse lobwera, koma mapu a mudzi wawo sadawaonepo.

Kugwa kwa kwacha nako kwaonjezera mavuto. Ndalamayi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa makompyuta amphamvu, makina a GPS, madroni ndi fizi ya maphunziro akunja udakwera nthawi imodzi.

Kodi PhD ndi yofunika pomwe ana akuphunzirira pansi pa mtengo?

Funso limeneli si lopusa. M'maboma momwe ana ambiri amasiyira sukulu panjira ndipo atsikana amakwatiwa adakali aang'ono, ena anganene kuti ndalama zophunzitsira munthu mmodzi zaka zinayi ndi bwino zimangire midadada ya makalasi. Enanso amadandaula kuti ophunzira kwambiri amathawira kunja kapena kumabungwe olipira bwino, ndipo omwe ali ndi digiri yoyamba ya GIS akuyendayenda ndi mapepala m'manja kusowa ntchito.

Madandaulowa ali ndi mfundo, koma pali mbali inanso. Dziko lino likulipira kale luso limeneli, kungoti likulipira alendo, ndipo nthawi zambiri ndi ndalama zangongole zomwe adzabweze ndi ana omwe ali pansi pa mtengowo. Komanso mdadada wa kalasi, mjigo kapena mlatho womangidwa pamalo olakwika ndi ndalama zoponyedwa m'madzi. Za kuthawa kwa akatswiri, mankhwala ake si kuleka kuphunzitsa, koma kuphunzitsira konkuno ndi kukonza mipando ya ntchito yoti akamaliza akhalepo. Munthu wochita PhD akugwira ntchito ku Zomba, kafukufuku wake ali ku Mposa, banja lake lili pafupi, savuta kumusunga poyerekeza ndi yemwe wakhala zaka zinayi ku Ulaya.

Njira zomwe zilipo

Chitsanzo cha momwe izi zingayendere chilipo kale. Mu 2016, kudzera mupulogalamu ya World Bank, LUANAR idakhazikitsa likulu la maphunziro apamwamba a za nsomba la AquaFish ndipo College of Medicine idakhazikitsa la zaumoyo la ACEPHEM. Malikuluwa aphunzitsa anthu a Masters ndi PhD ochokera m'dziko muno ndi maiko oyandikana nawo. Sayansi ya malo ingatsate njira yomweyo. Popeza palibe yunivesite imodzi yomwe ili ndi aphunzitsi okwanira pa nthambi zonse, MUST, MUBAS, Mzuni, LUANAR ndi University of Malawi zingaphatikize aphunzitsi awo n'kukhala ndi pulogalamu imodzi ya PhD. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri ndi ndalama. Maiko a mu Africa adagwirizana kale kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo pakafukufuku, ndipo dziko lino lili ndi bungwe la National Commission for Science and Technology lomwe lingayendetse thumba la maphunzirowa. Pangano lililonse la mgodi kapena ngongole ya pulojekiti yaikulu ya malo ndi madzi lingathe kukhala ndi chiganizo chokakamiza kuti Amalawi angapo aphunzitsidwe mpaka PhD, ndiponso kuti zonse zoyezedwa zisiyidwe m'manja mwa boma.

Chachitatu ndi makhonsolo. Mafunso a kafukufuku azichokera kwa omwe akukumana ndi mavuto: bwanamkubwa, mkulu wa zamalo, wa zankhalango, wa zaumoyo ndi mafumu. Wofufuza aliyense wogwira ntchito ku Machinga kapena Balaka azisiya mapu ake kukhonsolo ndi pankhokwe ya mapu a boma ya MASDAP, komanso azibwerera kumudzi kukafotokoza zomwe wapeza m'Chichewa kapena m'Chiyao. Mapulogalamu aulere ngati QGIS achotsa kale chifukwa chonamizira kuti zipangizo n'zodula. Chotsala ndi munthu wolembedwa ntchito yokhazikika, magetsi ndi intaneti.

Pomaliza pali nkhani ya nthawi. Mwana wa ku Chikweo kapena Kankao yemwe walowa kuyunivesite chaka chino akufunika zaka zinayi za digiri yoyamba, ziwiri za Masters ndi zitatu kapena zinayi za PhD, zonse pamodzi pafupifupi khumi. M'zaka khumi zimenezo kalembera wina, yemwe akuyembekezeka mu 2028, adzakhala atachitika, mapangano a migodi adzakhala atasainidwa, minda yambiri idzakhala italembetsedwa bwino kapena molakwika, ndipo potengera mbiri yake, nyanja ya Chilwa ikhoza kudzakhala itaphweranso. Masetilaiti adzajambula zonsezi monga mwa nthawi zonse. Yemwe adzakhale pakompyuta kuuza anthu a kwa Kawinga ndi kwa Kalembo tanthauzo la zithunzizo akudalira zomwe boma ndi mayunivesite achite m'bajeti zomwe zikukonzedwa panopa.